Woperekeza Bokosi la Kebby

A Overstone Kalimanjira anabwerera pa benchi ya sukulu imvi zitayamba kale kutuluka m'ndevu. Chinali chaka chimene ntchito zinkaphwa mu Dublin ngati chithaphwi mwezi wa Okutobala. Kuseri kwa Swords, tauni ya pafupi ndi eyapoti kumene ankakhala, nyumba zomangidwa theka zinangoima opanda mazenera, udzu n'kumera pakhomo. Kampani imene ankaigwirira ntchito yotsuka m'kati mwa ndege inawaitanira m'kachipinda, kuwathokoza kwambiri, n'kuwalanda khadi lolowera pachipata. Anatuluka ndi jekete yachikasu ndi chikwama cha ntchito, basi.

Kwawo kunali ku Mkanda, ku Mchinji. Ali mnyamata anali ndi mutu wa masamu, koma bambo awo atamwalira iwo ali Fomu 2, amalume awo anagamula kuti chimnyamata chachikulu chotero chizikasoka fodya. Anasoka fodyayo. Kenako anaphunzira okha kukonza mawailesi pakhonde la sitolo pa boma, anapita ku Joni, ndipo kuchokera kumeneko anatulukira ku Dublin masiku amene munthu wa ku Malawi ankangokwera ndege n'kufika. Amene anawalandira anali Kebby, munthu wa ku Chipata, wamfupi, wa mimba yake, woseka ndi thupi lonse. Sanali pachibale. Anangokumana pa siteji ya basi, wina n'kumva mnzake akutukwana mvula m'chinenero chakwawo. Kebby anawagoneka pabalaza pake nyengo yonse yozizira, anawabwereka malaya, anawalowetsa ntchito ku eyapoti. Mkazi wa a Overstone, Felista, atabwera, woyamba kumugulira jasi anali Lister, mkazi wa Kebby.

Ntchito itatha, Kebby yemweyo ndiye anawatengera ku Finglas, dera lina la mu Dublin, ku sukulu ya akuluakulu imene inali m'chinyumba chakale kuseri kwa tchalitchi. Dongosolo lake linali la zaka ziwiri. M'mawa munthu amaphunzira masamu ndi Chingerezi za Leaving Cert, mayeso amene ana a kuno amalemba pomaliza sekondale, ngati MSCE kwathu. Masana amaphunzira zamagetsi za ku koleji, ndipo phunziro lililonse limene wakhoza limasungidwa ngati makirediti, oti koleji idzawawerengere pomulandira, asadzayambirenso pansi. Koma panali lamulo limodzi: popanda masamu ndi Chingerezi zija, makirediti onsewo sakanatsegula chitseko cha koleji.

M'kalasimo munadzaza amuna omanga nyumba amene ntchito inawathera, azibambo a zikhatho ngati mafosholo akulimbana ndi kapensulo. Mphunzitsi wa masamu anali mzungu wamtali, wa dazi, dzina lake Harry, amene ankafuna kuti aliyense azimutchula dzina lomwelo.

"Harry basi, Overstone. Ine si bishopu," ankatero m'Chingerezi.

"Chabwino, aphunzitsi," ankayankha a Overstone, maso ali pansi.

Munthu woleredwa bwino satchula mphunzitsi dzina ngati akuitana galu, ndipo zaka ziwiri zonsezo Harry sanapambane mlandu umenewu. Koma anaona msanga kuti bambo wosalankhulayu ali ndi mutu. Zamagetsi zinkangoyenda. A Overstone ankagwira waya ngati mmene ena amagwirira kolona. Chingerezi ndicho chinkawatulutsa thukuta, makamaka ndakatulo za mapiri ndi nyanja zimene sanazionepo, koma anazikakamira mpaka zinagonja. Pofika Isitala wa chaka chachiwiri makirediti onse anali atakwana, koleji ina itawasungira malo a Seputembala. Anatsala mayeso a Juni okha.

Zonsezi ankazidziwa anthu awiri: Felista ndi Kebby. Ku mpingo wa Amalawi ndi anthu a ku Zambia umene unkapemphera Lamlungu masana m'holo yobwereka, palibe ankadziwa. Mabuku ankawanyamula m'chikwama cha ku eyapoti chija, atavala jekete yachikasu, ndipo owaona pa basi ankangoti bamboyo akuzungulira kufuna ganyu.

"Manje iwe mudala, uzabisa mpaka liti?" Kebby ankawafunsa. "Sukulu si chigololo iyayi."

"Ndidzanena satifiketi ili m'manja, achimwene."

"Uyopa mfiti za ku Rathmines?"

"Mfiti ndi pakamwa pomwe."

Kebby ankaseka mpaka kutsokomola. Koma a Overstone sankachita nthabwala. Anakula akuuzidwa kuti mimba, ulendo ndi mayeso sazilengeza zisanapse. Ndiponso ankawadziwa anthu awo. Mumpingomo munali achinyamata a masikolashipu okhala m'mafulati a ku Rathmines, anthu obwera kudzatenga digiri yachiwiri ndi yachitatu, amene sangapemphe mchere patebulo osatchula yunivesite yawo. Pamaso pa anthu otero bambo wa imvi anene kuti akuphunzira masamu a sekondale? Tsiku lomwelo akanapatsidwa dzina loti a Sukulu ya Kwacha, ndipo akanafa nalo. Anthu athu ndi otero. Munthu akamagwa amamupempherera mokweza, akamadzuka amamuseka.

Kebby anagwa pa siteji ya basi m'mawa wina mu Meyi, akupita ku ntchito. Ankadwala kuthamanga kwa magazi, ndipo mankhwala ankamwa akakumbukira. Ambulansi inafika msanga, koma ku chipatala anangokatsimikiza.

Maliro a kunja ndi aatali. Mtembo unali ku mochale, mapepala akuyenda pang'onopang'ono, ndipo anthu ankasonkhana ku nyumba ya Kebby ku Finglas tsiku ndi tsiku, amayi pamphasa ndi pamatiresi kuchipinda, abambo pamipando pabalaza. A Overstone ndiwo ankathamanga kwa osunga mitembo, kunyamula mipando, kutaya zinyalala. Ku kalasi ankalowa ndi maso ofiira, buku la masamu likuwerengedwa pa basi. Ku Chipata nako abale anali atakoleza moto pabwalo kuyambira tsiku la uthenga, akudyetsa olira, ndipo foni inkalira kosalekeza kufunsa kuti mwana wawo afika liti. Pomaliza ndege yonyamula bokosi inapezeka. Inali ya sabata yoyamba ya Juni, sabata yomwe mayeso ankayamba.

Lamlungu masana, mapemphero atatha, abambo anakhala pansi pabalaza pa nyumba ya Kebby kuti asankhe woperekeza. Mtembo sautumiza wokha ngati katundu wa pa positi. Pamafunika munthu wamwamuna, wamkulu, woti akautule m'manja mwa eni ake ndi kufotokoza pamaso pa mudzi mmene munthuyo anadwalira, amene anali naye, ndi mawu amene anasiya. Lister sakanapita. Mapepala ake okhalira m'dziko anali asanatuluke, ndipo akanatuluka pa eyapoti sakanabwereranso kwa ana ake.

Wotsogolera zokambirana anali a Augustine, mkulu wa mpingo, munthu wa tayi ngakhale pamaliro. Anayamba ndi iwo eni, kunena kuti ku ofesi kwawo anthu akuchotsedwa mwezi ndi mwezi, ndipo wopempha tchuti amakhala wadzilembera yekha kalata. Onse anagwedeza mitu. Wina anati shifiti, wina anati pasipoti yatha. Kenako maso anapita kwa Tiyezge, mnyamata wa sikolashipu amene ankalemba digiri ya udokotala pa nkhani ya umphawi wa m'midzi.

"Ine ndikanakonda kwambiri, akuluakulu," anatero Tiyezge, akukonza magalasi. "Koma supavaiza akudikira chaputala changa mwezi uno. Ndikaphonya, zonse zisokonekera."

"Ayi, adokotala, inu musavutike," anatero a Augustine. "Sukulu ndi sukulu. Imeneyo sitingaisokoneze."

Sukulu ndi sukulu. Anatero ndithu, pamaso pa anthu, ndipo pabalazapo panamveka kuvomera. Atatero anatembenukira kwa a Overstone, amene anali atakhala pafupi ndi chitseko chifukwa ndiwo ankatsegulira alendo.

"Ndiye mwayi tili nawo, abale. A Kalimanjira ali ndi mapepala abwino, malemu anali mnzawo wa pamtima, kwawo ndi kungodumpha malire. Ndiponso pakali pano, tinene mosabisa, alibe chowagwira."

A Overstone anayang'ana mpando wa pakona umene Kebby ankakonda kukhala. Munthu yekhayo amene akanadzuka n'kunena kuti musiyeni mudala uyu, ali ndi mayeso, anali m'firiji ku mochale.

"Pepani, akuluakulu," anatero motsitsa. "Sabata imeneyo ndili ndi mayeso."

"Mayeso? A galimoto?"

"Ayi. A Leaving Cert."

Wina kumbuyo anaphulika n'kubisa pakamwa ndi chipewa, ndipo kuseka kunayenda pabalaza ponse ngati kununkha, aliyense akunamizira mnzake.

"Omwe akulemba Evelyn wangayu?" anafunsa a Augustine. "Mukakhala holo imodzi ndi mwana wanga, madala?"

"Yunifomu munasoketsa kale?" anaponya wina.

"Iyayi, tisaseke," anatero Tiyezge, nkhope itaoneka yachifundo, chimene chinali choipa kuposa kuseka. "N'zolimbikitsa kwambiri. Ku Malawi timazitcha sukulu za kwacha. Koma ubwino wake, madala, zimenezo zimakhalapo chaka chilichonse. Mudzalemba chaka chamawa."

A Overstone anayesa kufotokoza za makirediti, za malo amene koleji inawasungira, za dongosolo la zaka ziwiri limene linali kutha. Mawu ankatuluka mopingasa. Nkhani imene munthu waibisa zaka ziwiri siituluka bwino pa mphindi imodzi, ndipo amene ankamvetserawo anali atagamula kale. Chaputala cha Tiyezge, chimene chikanatha kudikira mpaka Khirisimasi popanda wofa, chinali sukulu. Mayeso a boma, amene amabwera kamodzi pachaka ndipo sadikira munthu, anali masewera a nkhalamba.

Kuchipinda amayi anamva zonse, pakuti nyumba za ku Finglas zipupa zake n'zopyapyala. Felista anadzuka kuti akalankhule, koma mayi wina anamukoka chitenje. Mkazi salowerera bwalo la abambo pamaliro a eni. Amene anatuluka anali Lister. Anabwera chokwawa ndi maondo kuchokera pakhomo la chipinda, duku lakuda lili kumutu, mawu atasasa ndi kulira, mpaka anafika pamapazi pa a Overstone n'kugwira nsapato zawo.

"Ba mulamu," anatero, "ine nilibe wina. Kumunzi bakamba ati nine nabapaya. Mukapanda kuyenda imwe, nindani azanikambilako? Bapelekeni banzanu, napapata."

Kunalibenso woseka. Mkazi wamasiye akagwada pamapazi pako, anthu akuona, mawu oti ayi amakhala kulibe. A Overstone anayang'ana dzanja limene linagwira nsapato yawo, lomwe lija linkawapakulira chakudya nyengo yozizira yoyamba ija.

"Dzukani, alamu," anatero. "Ndipita."

"Mulungu akudalitseni, a Kalimanjira," anatero a Augustine, n'kuyambitsa nyimbo.

Pa basi yobwerera ku Swords, atadutsa eyapoti, Felista anawatembenukira.

"Bambo a Tupo, zaka ziwiri ndakhala ndikusambitsa nkhalamba za eni mashifiti awiriawiri kuti inu muwerenge."

"Ndikudziwa, mayi a Tupo."

"Mukanawauza kale anthu aja, bwenzi lero atakusankhani?"

"Bwenzi ataseka kale."

"Kuseka kumapha? Onani tsopano, aseka ndithu, ndipo mayeso mwataya."

A Overstone anangoyang'ana pazenera.

M'mawa mwake anapita kwa Harry. Mphunzitsiyo anamvetsera atagwira dazi lake ndi manja onse awiri.

"Ndi mchimwene wako?"

"Inde, aphunzitsi."

"Bere limodzi?"

"Ayi. Koma ndi achimwene anga."

Harry anati ngakhale akanakhala wa bere limodzi sizikanasintha kanthu, chifukwa masiku amenewo wophonya mayesowo ankadikira chaka chathunthu, kaya wafedwa kaya wagonekedwa m'chipatala. Anafunsa ngati maliro sangadikire sabata ina. A Overstone anaganiza za moto wa pabwalo ku Chipata ndi nkhokwe imene inkatha kudyetsa olira, koma sanadziwe poyambira. Harry anakwiya, anamenya tebulo, anati m'kalasi monse munthu amene sankamukayikira anali mmodzi, ndipo ndi yemweyo akutaya zonse chifukwa cha munthu amene sangadzukenso. A Overstone anati, "Inde, aphunzitsi," maso ali pansi. Harry anaganiza kuti bamboyo sizikumukhudza. Sanaone kuti chipewa chimene chinali m'manja mwawo chinali chitapotokoleratu.

Anakwera ndege, iwo pamwamba, Kebby pansi pamodzi ndi masutikesi. Ku Lusaka bokosi analikweza pa lole yaing'ono, ndipo anayenda nalo msewu wautali wa kum'mawa, fumbi ndi dzuwa, a Overstone atakhala kumbuyo dzanja lili pa chivundikiro kuti lisagunde m'mabampu. Lachisanu limene anzawo a ku Finglas ankatsegula pepala loyamba la masamu, iwo anali ataimirira pansi pa mtengo wa mango, mudzi wonse uli phee, akuyankha mafunso a amalume a Kebby. Anadwala nthawi yaitali bwanji? Bwanji sitinauzidwe? Mkazi anali kuti pamene ankagwa? Bwanji sanabwere, akuopa chiyani? A Overstone anayankha limodzi limodzi, mosathamanga. Anafotokoza za matendawo, za mankhwala amene Lister ankachita kumuikira m'thumba la jekete, za mapepala ndi ana. Pomaliza mayi ake a Kebby anati amva, ndipo mpongozi wawo alibe mlandu. Ntchito imene anatumidwa anaigwira bwino. Kumanda, wolengeza anawatchula kuti ndi injiniya wa ndege wochokera ku Ulaya, ndipo iwo analibe mphamvu zomukonza.

Atabwerera anapeza sukulu yatsekera. Zaka zawo ziwiri zinali zitatha, ndipo chaka chimenecho boma linkadula chilichonse chimene likanatha kudula. Malo obwereza kunalibe, pamzere panali amuna ena ambirimbiri ongochotsedwa kumene ntchito. Koleji inati malo awo yapereka kwa wina, adzayesenso akadzakhala ndi masamu ndi Chingerezi. Harry anawaimbira kuwauza kuti angathe kulembetsa paokha chaka chamawa, ndipo iye aziwathandiza Loweruka. Anapitako kangapo. Kenako msana wa Felista unagwa chifukwa chonyamula okalamba, mashifiti anachepa, ndipo a Overstone anatenga ntchito imene inapezeka, yochapa nsalu za m'mahotela pa fakitale ina kufupi ndi eyapoti. Loweruka linali tsiku la ntchito yambiri. Juni wotsatira anawapeza akupinda mashiti a bedi, maso atayamba kuchita chifunga pa zilembo zing'onozing'ono.

Satifiketi ya makirediti inabwera ndithu, yokongola, phunziro lililonse atakhoza pamwamba. Felista anaigulira felemu, koma a Overstone anakana kuipachika. Anati denga lopanda zipupa salionetsa alendo. Ili pamwamba pa wadirobu mpaka lero.

Dzina lija anapatsidwa. A Sukulu ya Kwacha. Amawatchula akatembenuka, ndipo ana amene samva n'komwe tanthauzo lake amalitchula m'kamvekedwe ka Chingerezi. Lister mapepala ake anatuluka. Atamva bwinobwino chimene alamu ake anataya, anabwera ku Swords ndi jasi ya Kebby, n'kuisiya pampando osakhala pansi. Kuyambira pamenepo ku tchalitchi amakhala mbali ina, ndipo akakumana pakhomo amapereka moni akuyang'ana kumbali. A Overstone samuimba mlandu. Amadziwa kuti nkhope yawo imamulemera.

Chilimwe china pambuyo pake Tiyezge anamaliza udokotala wake, mochedwa ndi chaka chathunthu, popanda amene anamufunsa za chaputala chija. Mpingo unamukonzera phwando kuseri kwa nyumba ya a Augustine, Loweruka masana. A Overstone anasinthana shifiti ndi mnzawo chifukwa anapemphedwa kudzaotcha nyama, poti iwo ndiwo amaidziwa bwino. Kunkawaza mvula ya ku Dublin ija, yosanyowetsa msanga koma yosaleka. Alendo anathawira m'khitchini ndi pakhonde, iwo anatsala panja atavala jasi ya Kebby, dzanja lina ambulera yophimba makala, lina foloko.

Kudzera pa chitseko chotsegula ankamva a Augustine akulankhula. Ankauza ana kuti atengere chitsanzo, kuti maphunziro alibe msinkhu, kuti mpingo uno umaima ndi aliyense wofuna sukulu. Anthu anaomba m'manja.

Patapita nthawi Tiyezge anatuluka atavala mkanjo wake wofiira, mbale ili m'manja, akudumpha matope kuti nsapato zisade.

"Madala, mukutisunga ndi njalatu," anatero mosangalala. Kenako anakwinya pamphumi ngati wakumbukira kanthu. "Eya, paja inu munali ndi timayeso tina. Tinatha bwanji?"

A Overstone anamuyang'ana. Kanali koyamba kuti ayang'ane munthu wophunzira m'maso, ndipo anamuyang'ana nthawi yaitali, mpaka mnyamatayo anayamba kukonza magalasi. Mafuta anadontha pa makala, utsi unakwera pakati pawo.

"Bweretsani mbale, adokotala," anatero. "Nyama yapsa."